Momwe mungalowetsere nyimbo zanu mu laibulale za sync ngati mulibe kampani yokuyimirani

Funso ili landiumitsa kukhosi. Mwezi sutha osalandira nyimbo pa WhatsApp, pansi pake atalemba kuti, "Akulu, tandilumikizeniko ndi anthu a mafilimu aja." Ndimayankha zomwezomwezo, mawa lake wina n'kubweranso nalo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Liwu loti sync likutanthauza kulumikiza nyimbo ndi zithunzi zoyenda: filimu, sewero la pa TV, malonda, gemu ya pa kompyuta, ngakhale kakanema ka bungwe lokumba mijigo. Wopanga kanema saloledwa kungotola nyimbo ya mwini, ayenera kugula laisensi. Poti sangayende khomo ndi khomo kusaka oyimba, amapita ku makampani amene anasonkhanitsa kale nyimbo zambirimbiri zokonzeka kugulitsidwa. Makampani amenewa ndiwo ndikuwatcha laibulale, ngakhale mulibemo buku ndi limodzi lomwe.

Gwirani mfundo iyi musanapitirire. Laibulale sikusaka nyimbo yanu yophulika ija, imene imadzutsa anthu pa ukwati. Ikusaka nyimbo yopanda mlandu, imene wodula kanema angaidule n'kuilumikiza mosavuta. Oyimba ambiri amene ndawaona akukanidwa luso anali nalo, chinawagwetsa ndi mapepala ndi mafayilo.

1. Dziwani kuti nyimbo imodzi ili ndi umwini uwiri

Khutu limamva chinthu chimodzi, lamulo limaona ziwiri. Choyamba ndi nyimbo yopekedwayo, mawu ndi mayimbidwe ake, zimene wina angathe kuziyimba ngakhale ndi banjo ya chigubu. Mwini wake ndi wopeka, ndipo pa mapepala mbali imeneyi amailemba kuti publishing. Chachiwiri ndi chojambulidwacho, phokoso lenileni limene linatuluka mu situdiyo tsiku lija. Ichi amachitcha master, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi amene analipira kujambulako, pokhapokha ngati munagwirizana zina.

Wopanga kanema amafunika chilolezo cha mbali zonse ziwiri. Ngati inu nokha mutha kuvomereza zonsezo osafunsa munthu, nyimbo yanu imatchedwa one-stop, ndipo liwu limeneli limatsegula zitseko kuposa kunena kuti nyimbo idakhala pa nambala wani pa wailesi. Wosankha nyimbo za filimu, amene amamutcha music supervisor, nthawi zambiri amakhala ndi masiku awiri kapena atatu okha. Sangadikire kuti musake produsa amene anasamukira ku Joni n'kusintha nambala.

Ndalama nazo zimabwera pawiri. Yoyamba ndi ya laisensi, imene imalipidwa kamodzi nyimbo ikagulidwa. Yachiwiri ndi royalty yobwera pambuyo, kanemayo akamaulutsidwa. Yachiwiriyi imagawidwa pakati: theka la wopeka, theka la publisher, amene amayang'anira ndi kugulitsa nyimbo yopekedwayo. Mu laibulale zambiri, theka la publisher limapita kwa iwo, la wopeka n'kukhala lanu.

2. Bwererani kwa onse amene ali m'nyimboyo, pepala lili m'manja

Apa ndi pamene ambiri amathawa, ndipo alangizi ambiri a pa intaneti amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi chifukwa kwawo kusayinirana n'kozolowereka. Kwathu kuno timajambula mwaubale. Mumalipira produsa, amakupangirani biti, mnzanu wa ku tchalitchi amadzaponyamo gitala, alongo awiri a m'kwaya amathira mawu a kumbuyo, mumawagulira Fanta ndi ya minibasi, nkhani yatha. Palibe analemba kanthu. Pa nthawiyo zinali bwino. Laibulale ikakufunsani kuti mutsimikize kuti nyimboyo ndi yanu yonse, ubale uja sungalowe mu envelopu.

Yambani ndi produsa. Kumulipira ndalama ya situdiyo sikutanthauza kuti munagula umwini wa biti yake. Amene anapanga biti anapeka nawo nyimbo, ndipo malamulo a mayiko ambiri amafuna kuti kusamutsa umwini kuchite kulembedwa. Muli ndi njira ziwiri: mumupatse gawo lake pa zopeka, kapena akulembereni kuti wakugulitsani umwini wonse. Ine ndimakonda yoyambayo. Produsa amene ali ndi gawo amakusungirani mafayilo ngati dzira, pamene amene munamugula kotheratu alibe chifukwa choyankhira foni yanu chaka chamawa.

Pepala logawana umwinili limatchedwa split sheet, ndipo silifuna loya. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Lembanipo mutu wa nyimbo, tsiku, mayina enieni a opeka onse monga alili pa chiphaso cha unzika, osati mayina a pa siteji, gawo la aliyense mwa maperesenti okwana 100 ndendende, bungwe lotolera royalty limene aliyense analembetsako, ndi siginecha. Kenako onjezerani chiganizo chimene ambiri amaiwala: chonena kuti onse akupatsani inuyo mphamvu yopereka laisensi ya sync m'malo mwawo. Popanda chiganizo chimenechi muli ndi pepala lokongola, koma nyimbo sinakhale one-stop.

Woyimba gitala, wa ng'oma, a mawu a kumbuyo, aliyense asayine kapepala kakafupi konena kuti analipidwa ndipo alibe umwini pa master. Kwaya yonse isayine, kapena mtsogoleri wake ngati mamembala anamupatsa mphamvu molemba. Ngati muli mawu a mwana, asayine ndi kholo. Ngati munayimba ndi woyimba wina amene ali pa mgwirizano ndi kampani, kampaniyo nayo ili ndi chonena.

Chovuta si pepalalo ayi, ndi kucheza kwake. Mukangotulutsa cholembera, nkhope zimasintha. Wina amati, "Amwene, ife ndi abale, mapepala ndi achiyani?" Wina akamva za mafilimu a kunja amaganiza kuti mwapeza mamiliyoni mukufuna kudya nokha, ndiye mtengo wa siginecha yake umakwera pomwepo. Mankhwala ake ndi nthawi: pitani ndalama isanaoneke n'komwe. Pitani nokha, osatuma uthenga wa pa foni. Nenani chilungamo, kuti palibe wagula kanthu, mwina sipadzakhalanso wogula, koma ikadzabwera ndalama mukufuna aliyense adzalandire yake popanda kukangana. Aonetseni kuti pepalalo likuteteza iwo kwa inu monga likutetezera inu kwa iwo. Wokana musamukakamize. Chotsani gitala yakeyo, mujambulenso ndi wina amene wasayina asanakhudze chingwe.

Ine ndinaphunzira mowawa. Nyimbo ina inafunidwa Lachitatu, yankho ankalifuna pofika Lachisanu. Onse anali atasayina kupatula mnyamata amene anayimba mzere umodzi wa kolasi. Ndinamupeza Lolemba. Nyimbo ina inali itatenga kale malo.

Pali nyimbo zina zimene ngakhale mutayenda bwanji sizingayere, ndipo ndi bwino kuzipatula lero lomwe. Biti imene munatsitsa pa YouTube yolembedwa kuti ndi yaulere, kapena imene munabwereka pa mtengo wotsika pa BeatStars, inagulitsidwanso kwa anthu ena ambiri, ndipo laisensi zotchipazo kawirikawiri sizilola kuipereka ku laibulale. Chidutswa chimene produsa anadula m'chimbale chakale, mawu a wandale pa msonkhano, ulaliki wa abusa, kamawu ka muulutsi wa pa wailesi, zonsezi zili ndi eni ake. Mufunseni produsa molunjika kuti kalikonse kamene kali mu biti anakatenga kuti. Ngakhale maluupu, tizidutswa ta nyimbo tobwerezabwereza, ogulidwa movomerezeka pa Splice, laibulale zina sizikondwera nawo akamamveka paokha, chifukwa luupu yomweyo imapezeka m'nyimbo za anthu ena. Nyimbo yopangidwa ndi makina a AI nayo laibulale zambiri zimaikana.

Ndiye pali nyimbo za makolo. Ambiri amaganiza kuti nyimbo ya beni, ya chimtali kapena ya ku dambwe ilibe mwini poti wopeka sadziwika. Lamulo la Malawi la umwini wa zaluso, Copyright Act ya 2016, limaika umwini wa zaluso za makolo m'manja mwa Boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo kuzigwiritsa ntchito pa malonda kumafuna chilolezo. Kumenya ng'oma m'kamenyedwe ka manganje n'kupekapo nyimbo yanuyanu ndi nkhani ina. Kutenga nyimbo imene agogo ankayimba pa mtondo n'kulemba dzina lanu ngati wopeka ndi kudziika m'madzi. Funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso ku Malawi, musanaitumize kulikonse. Nyimbo za m'buku la tchalitchi nazonso musazione ngati za aliyense, womasulira kapena mpingo angakhale ndi umwini.

3. Lembetsani ku bungwe lotolera royalty, mutenge nambala ya IPI

Ku Malawi bungweli ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo lili m'gulu la CISAC, mgwirizano wa mabungwe otere pa dziko lonse. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku Zimbabwe ZIMURA, ku South Africa SAMRO, ku Britain PRS for Music. Mabungwewa amatumizirana ndalama: nyimbo yanu ikamveka pa TV ku America, ASCAP kapena BMI ndi amene amatolera, n'kudzaipereka ku bungwe lanu ngati pali mgwirizano pakati pawo.

Chimene mukufuna kumeneko ndi nambala ya IPI, imene imakuzindikiritsani ngati wopeka kulikonse pa dziko. Laibulale zambiri zidzakufunsani. Si nambala ya umembala ya pa kadi, muitchule ndi dzina lake pofunsa. Lembetsani nyimbo iliyonse ndi magawo ofanana ndi a pa split sheet, dzina lanu lilembedwe chimodzimodzi paliponse. Werenganinso fomu ya umembala imene munasayina, muone kuti ndi maufulu ati amene munapereka ku bungwe, kuopa kugulitsa chimene munapereka kale. Amene muli kunja musalembetse mabungwe awiri pa ufulu umodzi m'dera limodzi, ndalama imaima pakati onse akuyang'anana.

Musasokoneze ndi manambala ena awiri. ISRC ndi ya master, ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo mumaipeza kwa okufalitsirani nyimbo pa intaneti. ISWC ndi ya nyimbo yopekedwayo, imayamba ndi T.

4. Konzani mafayilo monga wodula kanema amawafunira

MP3 imene yadutsa pa WhatsApp katatu iwaleni. Pa ntchito ya kanema amafuna WAV kapena AIFF ya 48 kHz, 24-bit. Pa nyimbo iliyonse mukhale ndi yathunthu, yopanda mawu oyimba, ndi ma stems, kutanthauza magulu a zida atulutsidwa paokhapaokha: ng'oma, besi, magitala, makiyibodi, mawu otsogolera, mawu a kumbuyo, onse oyambira pa sekondi yofanana ndi otalika mofanana. Laibulale zambiri zimafunanso zidule za masekondi 60, 30 ndi 15 zopangira malonda.

Yopanda mawu ija ndiyo imagulidwa kwambiri, chifukwa mu kanema anthu amakhala akulankhula ndipo woyimba amawaphimba. Ngati mulibe, thamangirani ku situdiyo sabata ino. Makompyuta a m'masitudiyo athu amafa ndi kuthimathima kwa magetsi, amabedwa, amafufutidwa kuti papezeke malo a kasitomala wina. Kuyambira lero, musatuluke mu situdiyo opanda ma stems pa fulashi yanu.

Chotsani tagi ya produsa ya kumayambiriro ija. Chotsani moni wopita kwa abwana amene anakuthandizani, mayina a malo omwera, mayina a makampani ndi zotukwana. Nyimbo isathe mozilala pang'onopang'ono, ithe ndi kugunda kumodzi komveka, kuti wodula aikepo chithunzi chomaliza. Isachedwenso kuyamba, ndipo izisintha pakapita kanthawi: chida china chilowe, ng'oma zipume, kenako zibwerere ndi mphamvu. Malo opumawo ndi pamene lumo la wodula limalowa.

Maganizo anga pa za mtundu wa nyimbo ndi awa. Musalimbane ndi kukopera amapiano, laibulale zili nazo kale zochokera kwa eni ake ku Pretoria ndi Johannesburg. Chimene alibe chochuluka ndi babatoni weniweni, bangwe, kaligo, visekese, mangolongondo, gitala yokhwatchula ya kumwera kwa Malawi, kwaya ya amayi yojambulidwa bwino m'chipinda chopanda phokoso la jenereta. Chichewa si chopinga. Ingolembani mawu onse ndi tanthauzo lake m'Chingerezi, chifukwa palibe angaike pa malonda a banki nyimbo imene sakudziwa kuti ikunena chiyani. Nyimbo za kubwerera kwathu, za chiyembekezo, za kugwirana manja zimapeza malo msanga kuposa zotchula munthu ndi mudzi wake.

5. Lembani zizindikiro za nyimbo m'kati mwa fayilo

Izi amazitcha metadata. Fayilo yotchedwa "final mix 3 yeniyeni" ikasochera pa kompyuta ya munthu ku London, palibe adzadziwe kuti ndi yanu. M'kati mwake mukhale mutu, dzina lanu, opeka ndi magawo awo ndi ma IPI awo, liwiro la nyimbo mu BPM, kiyi, zida, chilankhulo, mawu ofotokoza mtima wa nyimbo m'Chingerezi, liwu lija loti one-stop, ndi imelo yanu. WAV sisunga bwino zimenezi, ndiye potumiza zomvetsera gwiritsani ntchito AIFF kapena MP3 ya 320 kbps. Mukalemba kuti manganje, onjezerani mawu amene mlendo angasake nawo, poti iye sadziwa kuti manganje n'chiyani.

6. Sankhani laibulale yoyenera

Sizifanana. Pali zakale zotumikira ma TV, monga De Wolfe ya ku London imene inayamba mu 1909, KPM, Audio Network ndi Universal Production Music. Izi zimatenga nyimbo kuti ikhale yawo yokha, zimaganiza mwa zimbale za mutu umodzi, ndipo phindu lalikulu la wopeka lili pa royalty ya pambuyo. Kulowamo n'kovuta. Pali zolipiritsa opanga makanema pa mwezi kapena pa chaka, monga Artlist ndi Epidemic Sound ya ku Stockholm, imene inatchuka ndi kulipira oyimba mwachindunji osadalira mabungwe otolera. Pali misika ngati Pond5 ndi Songtradr kumene mumadziikira nokha nyimbo. Palinso zosankha oyimba ochepa okhala ndi dzina lawo, monga Musicbed ndi Marmoset. Kufupi ndi kwathu, Mama Dance ya ku Cape Town imasunga nyimbo za mu Africa.

Lowani pa tsamba la iliyonse, musake nyimbo za ku Africa, mumvetsere kwa ola lathunthu. Mukapeza kuti za kumadzulo kwa Africa zadzaza koma za kuno n'zochepa, mwapeza chonena m'kalata yanu.

7. Tumizani mwaulemu, mwachidule

Tsatirani zimene alemba pa tsamba lawo lolandirira nyimbo. Sankhani nyimbo zitatu kufikira zisanu za mtundu umodzi, osati gospel imodzi, hip hop imodzi ndi reggae imodzi pofuna kuonetsa kuti mumatha zonse. Tumizani linki yomvetsera pomwepo, ya pa tsamba la DISCO kapena ya SoundCloud yobisika, osamata mafayilo pa imelo. Kalata ikhale ya mizere isanu: ndinu yani, muli kuti, nyimbozo n'zotani, ndi one-stop, zopanda mawu ndi ma stems zilipo. Mbiri ya mmene munavutikira musiye. Pakatha masabata atatu kapena anayi kumbutsani kamodzi, kenako pitani kwina.

Laibulale yeniyeni imadya pamene inu mwadya. Wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti nyimbo yanu ilowe mu filimu inayake imene "yatsimikizika kale", tsekani foni.

8. Werengani mgwirizano mpaka tsamba lomaliza

Yang'anani kaye ngati ndi exclusive kapena non-exclusive. Yoyambayo ikutanthauza kuti nyimboyo simungaiperekenso kwina, yachiwiriyo kuti mungathe kutero. Mapanga awiri avumbwitsa: kuika nyimbo ya exclusive mu laibulale yachiwiri ndiyo njira yachidule yothamangitsidwira konsekonse. Kenako onani zaka. Mawu oti in perpetuity akutanthauza mpaka muyaya. Pemphani ndime yoti nyimbo ibwerere kwa inu ikapanda kugulidwa pa zaka zingapo, kapena perekani nyimbo zimene munapangira ntchito imeneyi, osati za pa mtima panu.

Laibulale zina za non-exclusive zimasintha mutu wa nyimbo n'kuilembetsa mwatsopano kuti zizitolera gawo lawo. Nyimbo imodzi ikakhala ndi mitu inayi m'malo anayi, makina ozindikira nyimbo ndi khutu sadziwa kuti alipire yani, ndipo ma TV ena amazipewa. Chenjeraninso ndi Content ID ya YouTube, makina amene amasaka nyimbo yanu m'makanema a anthu ena. Ngati munaitsegula kwa okufalitsirani nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, kasitomala amene wagula laisensi movomerezeka adzalandira chidandaulo pa kanema wake, ndipo laibulale idzakwiyira inu. Itsekeni pa nyimbo zimenezo musanasayine.

Theka la wopeka lija musalipereke. Onaninso gawo lanu pa ndalama ya laisensi, limene m'malo ambiri limakhala theka, ndi zimene amachotsa asanagawe. Amene mumayimba zauzimu, funsani ngati mungakanize malonda a mowa, a fodya, a juga kapena a ndale. Mukapanda kulembetsa, kolasi yanu ya aleluya idzapezeka ikugulitsa mowa, ndipo akulu a mpingo sadzamva zoti munali simukudziwa.

9. Konzani njira yolandirira ndalama, kenako londolani

Funsani msanga kuti amalipira kudzera pati, PayPal, Payoneer kapena ku banki, ndiponso kuti ndalama iyenera kufika pa mlingo wanji asanatumize. Kampani ya ku America idzakupatsani fomu ya msonkho ya W-8BEN. Malawi alibe mgwirizano wa misonkho ndi America, choncho yembekezerani kuti pa royalty yochokera kumeneko adzadulapo 30 peresenti. Amene mukukhala ku Britain kapena ku South Africa mayiko anu ali nawo mgwirizanowo, lembani nambala yanu ya msonkho pa fomuyo.

Royalty ya pambuyo imayenda ngati nkhono. Opanga pulogalamu amalemba cue sheet, mndandanda wa nyimbo zonse zimene zamveka, kutalika kwake, opeka ndi ma publisher. Pepalali limapita ku bungwe la dziko limenelo, ndalama n'kudutsa m'mabungwe awiri isanakufikeni. Chaka kapena kuposerapo chimatha. Dzina lanu likalakwika pa cue sheet, ndalamayo imangokhala osadziwika mwini.

Ndiye mukamva kuti nyimbo yanu yalowa penapake, lembani dzina la pulogalamu, gawo lake, wailesi ya kanema imene inaulutsa, dziko ndi tsiku. Pemphani laibulale ikutumizireni kope la cue sheet, muone ngati dzina ndi IPI zili zolondola. Likalakwika auzeni akonze sabata yomweyo. Likakhala bwino, tengani kopelo mukalipereke ku bungwe lanu, mupemphe kuti akafunse ndalamayo ku bungwe linzawo, ndipo musunge kope lina pamodzi ndi split sheet ija.